Zenera Losongoka: Kumene Adachokera Mamangidwe a Gothic

Ndili mwana ndinkakhala pa benchi yakutsogolo m'tchalitchi cha kwathu, chimene amishoni adamangitsa ndi njerwa zootcha agogo anga ali mnyamata. Ulaliki ukatalika maso anga ankathawira ku mazenera. Mazenerawo sadali ngati a kusukulu kapena a m'masitolo a pa boma. Adali ataliatali, opapatiza, ndipo kumwamba kwake adasongoka ngati tsamba la mkondo. Tsiku lina ndidafunsa agogo chifukwa chake. Iwo adandiyankha mosakayika kuti nyumba ya Mulungu imamangidwa choncho, zenera lake liyenera kuloza kumwamba. Ine ndidakhulupirira, ndipo mpaka pamene ndinkalowa koleji ino ndinkaganiza kuti lamulo limeneli lili penapake m'Baibulo, mwina pafupi ndi miyeso ya chingalawa cha Nowa.

Lamulolo m'Baibulo mulibe. Ndidazindikira zimenezi chaka chatha tikuphunzira mbiri ya Ulaya, ndipo kunena zoona ndidachita manyazi pang'ono. Akhristu a ku Ulaya adapemphera kwa zaka mazanamazana m'matchalitchi a mazenera obulungira pamwamba popanda woona cholakwa. Mamangidwe a mazenera osongoka, amene mabuku amawatcha Gothic, ali ndi kwawo, ali ndi nthawi imene adabadwa, ndipo ali ndi chimene adabadwira. Kwawo ndi kumpoto kwa France, nthawi yake ndi zaka za m'ma 1140, ndipo chimene chidawabala ndi mwala, kulemera kwake ndi khalidwe lake lokankha. M'nkhani ino, anzanga, ndikufuna titsate mwalawo, tione mmene chinthu chimene ife tidachilandira ngati chizindikiro cha kuyera chidayambira ngati yankho la amisiri pa vuto la denga.

Tiyambe ndi moto. M'zaka za m'ma 1000 anthu a kuzambwe kwa Ulaya ankamanga matchalitchi ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo adali a denga la mitengo. M'nyumba yoyatsamo makandulo usana ndi usiku, yotalika kuposa zonse m'mudzi kotero kuti mphenzi imayamba kupeza iyo, denga lotere silinkakhalitsa. Choncho amisiri adayamba kuyala siling'i ya miyala kunsi kwa dengalo kuti mitengo ikapsa moto usagwere m'kati. Nzeru yake adaitenga kwa Aroma akale, ndiyo uta wa miyala. Mmisiri amakhoma chikombole cha matabwa chokhota ngati theka la mwezi, n'kuyalapo miyala yosemedwa mopapatiza kumunsi, kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka mwala wotsiriza utalowa pakati pamwamba. Akachotsa chikombolecho miyala ija siigwa, chifukwa uliwonse watsamira unzake.

Koma uta uli ndi khalidwe loipa. Sumangopondereza pansi ayi, umakankhanso m'mbali. Amene adaonapo nyumba yakale ya kumudzi, udzu utamwa mvula n'kulemera, phaso likukankha zipupa mpaka zitapendamira kunja, akudziwa chimene ndikunena. Tsono talingalirani siling'i yonse ya miyala, yooneka ngati bwato lovundikira, ikukankha makoma awiri usana ndi usiku. Amisiri adalibe kuchitira mwina koma kunenepetsa makomawo ndi kuchepetsa mazenera, popeza zenera lililonse ndi bala pa khoma. Matchalitchi a mtundu umenewu, otchedwa Romanesque, ndi olimba ngati malinga a nkhondo, koma m'kati mwake ndi mwamdima.

Padalinso vuto la masamu. Uta wa theka la mwezi msinkhu wake ndi theka la kutambalala kwake, ndipo simungausinthe. Mukafuna kulumikiza uta wotambalala ndi wopapatiza pa siling'i imodzi, wina umatalika wina n'kufupika, ntchito n'kusokonekera. Uta wosongoka umapeputsa mavuto onse awiri. Popeza ndi mizere iwiri yokhota yokumana pansonga, mmisiri angathe kuusongola kwambiri kapena pang'ono mpaka mauta onse atalingana msinkhu. Ndiponso ukasongoka, kulemera kochuluka kumalunjika pansi, kokankha m'mbali n'kuchepa.

Uta wosongokawu Azungu sadautulukire okha, ndipo apa ndi pamene ine ndidadzidzimuka kwenikweni. Amisiri a m'maiko a Chisilamu adali ataugwiritsa kale ntchito kwa zaka mazana angapo. Ku Ramla, m'dziko la Israel lero, kuli nkhokwe ya madzi ya pansi pa nthaka yomangidwa mu 789 yokhala ndi mauta osongoka. Mu Africa muno, pa chilumba cha Roda mumzinda wa Cairo, pali chitsime choyezera kusefukira kwa mtsinje wa Nile chomangidwa mu 861, ndipo mumzinda womwewo muli mzikiti wa Ibn Tulun umene udatha mu 879, wa mauta osongoka ndandanda. Njira zolowera ku Ulaya zidalipo zambiri. Amalonda a ku Amalfi ku Italy ankachita malonda ndi Egypt. Anthu a mtundu wa Norman adalanda chilumba cha Sicily kwa Asilamu pakati pa 1061 ndi 1091. Kuyambira 1096 ankhondo a mtanda ankapita ku Jerusalem n'kumabwerako ataona zambiri. Pamene amonke a ku Cluny ku France ankayamba tchalitchi chawo chachikulu mu 1088, adaikamo mauta osongoka.

Chida chachiwiri ndi nthiti. Ku Durham, kumpoto kwa England, kuli tchalitchi chimene chidayambidwa mu 1093, siling'i yake n'kutha mu 1133. Kumeneko amisiri adamanga mauta opyapyala opingasana ngati mtanda kuchokera pa nsanamira ina kukafika pa inzake, mipata yake n'kudzaza ndi miyala. Mauta oterewa amaoneka ngati nthiti za nyama, ndipo Angerezi amawatchadi nthiti. Ubwino wake ngwakuti kulemera kwa siling'i kumasonkhanira pa ngodya zinayi m'malo mofalikira pa khoma lonse. Komabe Durham ndi nyumba yolemera, ya nsanamira zonenepa ngati mlambe. Zida zidalipo, koma padali pasanapezeke wofunsa funso lotsatira: ngati kulemera kukutsikira pa nsanamira, nanga khoma la pakati pa nsanamirazo ndi la ntchito yanji?

Funsoli lidafunsidwa ku Saint-Denis, kumpoto pang'ono kwa Paris. Kumeneko kudali nyumba ya amonke yosunga mafupa a Denis Woyera, episkopi woyamba wa Paris, ndiponso manda a mafumu a France. Mkulu wa amonkewo kuyambira 1122 adali Suger, munthu amene adaperekedwa ku nyumbayo ali ndi zaka pafupifupi 10, nakula n'kukhala mlangizi wa mafumu awiri, Louis VI ndi Louis VII. Adali wodalirika kotero kuti Louis VII popita ku nkhondo ya mtanda mu 1147 adamsiyira ufumu kuti auyang'anire.

Suger adalemba yekha za ntchito yake, ndipo zolembazo zidakalipo. Iye akudandaula kuti tchalitchi chakale chidachepa. Pa masiku a chikondwerero anthu ankapanikizana mpaka amayi ena kukomoka, ndipo nthawi zina amonke ankathawira pa mazenera atanyamula mafupa oyera aja kuopa khamu. Akusimbanso mmene adasowera mitanda 12 ikuluikulu ya denga. Akalipentala adamuuza kuti mitengo yotere idatha m'dera lonselo, koma iye adalawirira m'mamawa ndi miyeso yake, nalowa mwini wake m'nkhalango ya Yveline, ndipo dzuwa popendeka adali ataipeza yonse 12. Mwini ntchito wotere amisiri sangamnamize.

Atatha kukonza kumaso kwa tchalitchicho mu 1140, Suger adatembenukira mbali ya kuguwa. Kumeneko amisiri ake adaphatikiza uta wosongoka ndi nthiti, naziimika pa nsanamira zoonda. Kuseri kwa guwa adazunguliza tizipinda topemphereramo, koma sadaike makoma olekanitsa kachipinda ndi kanzake, ndipo khoma lakunja adaliboola mazenera akuluakulu a magalasi amitundumitundu. Munthu woima pakati ankaona kuwala kukulowa mozungulira popanda chotchinga. Pa 11 June 1144 mbali imeneyi idapatulidwa pamaso pa Louis VII, mkazi wake Eleanor wa ku Aquitaine, ndi maepiskopi ambiri. Maepiskopiwo adabwerera kwawo ataona, ndipo n'zosadabwitsa kuti posakhalitsa matchalitchi akale a m'mizinda yozungulira adayamba kugumulidwa.

Suger sankafuna kuwala kowerengera buku chabe. Iye ankakhulupirira kuti Mulungu ndiye kuwala kwenikweni, ndi kuti nzeru ya munthu, pokhala yofooka, imakwera kufika kwa Mulungu kudzera m'zinthu zooneka ndi maso, monga galasi lofiira ndi labuluu, golide ndi miyala ya mtengo wapatali. Si onse adagwirizana naye. Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wotchuka wa nthawi yomweyo, adali atadzudzula kale amonke okometsera makoma ndi golide pamene amphawi ali ndi usiwa. Koma chimene chimandipweteka ine m'zolemba za Suger n'china. Dzina lake adalilembetsa m'malo osiyanasiyana m'tchalitchimo, chithunzi chake adachiika pa zenera, koma maina a amisiri amene adaganiza ntchito yonseyi sadawatchule n'kamodzi komwe. Mamangidwe amene adasintha Ulaya adayambidwa ndi anthu amene mbiri idawameza maina.

Chida chachitatu chidabwera mizinda itayamba kupikisana pa msinkhu. Mu 1163 episkopi Maurice de Sully adayamba Notre-Dame ya ku Paris, imene siling'i yake idafika mamita 33. Pa msinkhu wotere nsanamira yoonda singapirire yokha kukankha kwa mauta ndi kwa mphepo. Aliyense wa ife adaonapo nthochi yolemedwa ndi mkoko ataichirikiza ndi mtengo wa mphanda. Amisiri adachita chimodzimodzi ndi miyala. Patali pang'ono ndi khoma ankamanga mzati wonenepa, n'kuponya theka la uta kuchokera pa mzatiwo, kudumpha pamwamba pa denga la m'mbali, kukagwira khoma pamalo penipeni pamene nthiti zikukankha. Pamwamba pa mzatiwo ankaikapo kansanja kosongoka, kamene ambiri amakayesa chokometsera chabe, chonsecho kulemera kwake kumathandiza kupondereza mzatiwo. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Nthiti ipatsira nsanamira, nsanamira ipatsira mchirikizo, mchirikizo upatsira nthaka, ndipo khoma, litalandiridwa katundu wake, lisanduka galasi.

Malo amene zida zitatuzi zidakhwimira ndi Chartres. Mu June 1194 moto udapsereza mbali yaikulu ya mzindawo pamodzi ndi tchalitchi chake. Anthu adataya mtima poganiza kuti chovala chimene ankakhulupirira kuti chidali cha Maria, chuma chachikulu cha mzindawo, chapsa. Koma ansembe ena adali atathawira nacho m'chipinda cha pansi, ndipo chitatuluka chili bwinobwino anthu adati Maria akufuna nyumba yoposa yakale. Pofika cha m'ma 1220 siling'i idali itatsekedwa pa mamita 37. Mazenera oposa 150 a nthawi imeneyo adakalipo, ndipo m'munsi mwa ambiri muli zithunzi za ophika buledi, osoka nsapato, opha nyama ndi osema miyala ali pa ntchito zawo. Kenaka Reims idayamba mu 1211 n'kufika mamita 38, Amiens idayamba mu 1220 n'kufika mamita 42.

Nanga ndalama zidachokera kuti? M'zaka zimenezi ulimi udapita patsogolo, anthu adachuluka, ndipo mizinda idakula. Chartres ili pakati pa minda ya tirigu. Amiens idalemera ndi nsalu ndiponso chomera chonyikira nsalu kuti ikhale yabuluu. Episkopi ndi ansembe ake adali eni minda, midzi ndi misonkho, kuonjeza apo padali zopereka za alendo odzaona zinthu za oyera mtima. Mabuku ena amakonda kusimba za anthu odzimangirira okha ku ngolo n'kumakoka miyala akuimba nyimbo, ndipo zoterezi zidalembedwadi za Chartres cha m'ma 1145. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 1210 anthu a ku Chartres komweko adaukira ansembe n'kuphwanya nyumba ya mkulu wawo. Ku Reims mu 1233 anthu a mumzinda adaukira arkiepiskopi pa nkhani ya ndalama, ansembe adathawa, ndipo ntchito idaima pafupifupi zaka zitatu. Ku Paris mfumu Louis IX adamanga Sainte-Chapelle, yopatulidwa mu 1248, imene makoma ake ali pafupifupi galasi lokhalokha, kuti asungiremo chisoti chaminga chimene adagula pokhulupirira kuti chidali cha Yesu. Mtengo wa chisoticho udaposa wa nyumbayo katatu. Bernard akadakhala moyo akadakhala ndi zonena.

Mwamwayi si amisiri onse adaiwalika. Mu 1174 moto udaononga mbali ya kuguwa ya tchalitchi cha Canterbury ku England, patapita zaka zinayi chiphedwere Thomas Becket m'tchalitchi momwemo. Amonke adaitana mmisiri wa ku France, William wa ku Sens, ndipo mmonke wina dzina lake Gervase adalemba za ntchito yake chaka ndi chaka. William adaitanitsa miyala kuchokera kutsidya la nyanja, adakonza makina okwezera ndi kutsitsira miyalayo m'zombo, napereka zikombole kwa osema. Mu 1178 nsanja ya mitengo imene adaimapo idathyoka, iye n'kugwa kuchokera pamwamba. Adayesa kulamulira ntchito ali pa kama, koma potsiriza adabwerera kwawo ali wolumala, ndipo William wina, Mngerezi, ndiye adamaliza.

Amisiriwa adalibe masamu owerengera mphamvu monga a mainjiniya a lero. Adali ndi chingwe, kampasi, sikweya, ndi malamulo a miyeso opatsirana pakati pa mmisiri ndi wophunzira wake. Miyala ankaikweza ndi gudumu lalikulu la matabwa limene munthu ankayenda m'kati mwake. Nyengo yachisanu ntchito inkaima, makoma n'kufundidwa udzu ndi ndowe kuti chisanu chisaononge laimu. Malire a mwala ankawadziwa pokhapokha mwalawo utawauza.

Udawauza ku Beauvais. Ntchito kumeneko idayamba mu 1225, ndipo pofika 1272 mbali ya kuguwa idali itatha, siling'i yake ili pa mamita 48. Mu 1284 gawo la siling'iyo lidagwa. Pokonzanso adachita kuonjezera nsanamira zina pakati pa zakale zija. Koma phunziro silidamveke, chifukwa mu 1569 adamaliza nsanja ya mamita 153 pakati pa tchalitchicho, thunthu lokhalamo anthu, limene likadathandiza kuichirikiza, lisanamangidwe. Mu 1573, pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Ambuye, anthu atangotuluka pa mdipiti, nsanjayo idagwa. Thunthu lija silidamangidwe mpaka lero, ndipo palibe tchalitchi china cha Gothic chimene siling'i yake idapitirira mamita 48 amenewa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Panthawiyi mamangidwewa adali atafalikira, ndipo dziko lililonse lidawapinda mwa njira yake. Angerezi sadathamangire msinkhu wa siling'i. Iwo adakonda kutalikitsa nyumba, monga ku Salisbury pakati pa 1220 ndi 1258, ndi kuluka nthiti, mpaka ku King's College ku Cambridge, komalizidwa mu 1515, nthitizo zikutambasuka ngati masamba a mgwalangwa. Ajeremani adayamba Cologne mu 1248 motsanzira Amiens, koma ntchito idaima, makina okwezera miyala n'kutsala pa nsanja kwa zaka pafupifupi 400, ndipo tchalitchicho chidatha mu 1880.

Eni ake sadawatche Gothic mamangidwewa. Cholembedwa china cha ku Germany cha m'ma 1280 chimangowatchula kuti ntchito yachifalansa. Dzina lakuti Gothic ndi chitonzo. Anthu a ku Italy a m'zaka za m'ma 1500, amene adabwerera ku mamangidwe a Aroma, ankaona mauta osongoka ngati zinthu zopanda dongosolo. Giorgio Vasari, m'buku lake la 1550 lonena za miyoyo ya amisiri, adawanamizira a Goth, mtundu umene udafunkha Rome mu 410, zaka zoposa 700 Suger asanamange. Ife amene luso la makolo athu lidatchedwa lachikunja tiyenera kudziwa kuti Ulaya adayamba wanyoza makolo ake omwe.

Chitonzocho chidasanduka ulemu m'zaka za m'ma 1800. Nyumba ya malamulo ku London itapsa mu 1834 adaimanganso mwa Gothic, ndipo Augustus Pugin, mmodzi mwa amene adaikonza, ankaphunzitsa kuti amenewa ndiwo mamangidwe oona achikhristu. Ku Paris, Viollet-le-Duc adakonzanso Notre-Dame naikapo nsanja yatsopano. Nsanja imeneyi ndi imene idagwa pa moto wa pa 15 April 2019, pamene denga lonse la mitengo lidapsa. Siling'i ya miyala idabooka m'malo angapo, koma yochuluka idapirira n'kutchinjiriza m'kati, monga adafunira amisiri zaka 800 m'mbuyomo, ndipo tchalitchicho chidatsegulidwanso mu December 2024.

Amishoni amene adabwera kuno adakulira m'nyengo ya Pugin, pamene Mngerezi akati tchalitchi ankaona uta wosongoka. A UMCA adayamba tchalitchi chawo cha ku Zanzibar mu 1873 pa malo a msika wa akapolo, ndipo pa Likoma adaika mwala wa maziko a tchalitchi cha Petro Woyera mu 1903, nachipatula mu 1911. Zenera losongoka lidayenda ndi amishoni a mipingo yosiyanasiyana mpaka kukafika m'matchalitchi a m'midzi ngati cha kwathu.

Pa tchuthi chapitachi ndidapita kukaliyang'ananso. Denga lathu ndi la malata pa mitanda ya bulugamu. Siling'i ya miyala palibe, nthiti palibe, chokankha khoma palibe. Uta wosongoka uli pamenepo ukusenza mizere ingapo ya njerwa basi, katundu amene thabwa lolunjika likadatha kusenza. Maonekedwe adaoloka nyanja, koma chifukwa chake chidatsalira ku France.

Madzulo ake ndidafotokozera agogo zonsezi tili pa khonde. Adamvetsera mwachifatse, kenaka adandifunsa ngati Suger ameneyu sadafune kuti anthu aziyang'ana kumwamba. Ndidavomera kuti adafunadi. "Nanga tsono ine ndidalakwa pati, mwana iwe?" adatero. Ndidasowa choyankha. Pothawa manyazi ndidawafunsa za mwala wa pakhomo la tchalitchi chathu, umene uli ndi chaka ndi dzina la mmishoni yekha, ngati akukumbukira amene adaumba njerwa ndi kupinda mauta a mazenera aja. Adaseka, nati iwo eni ake adasenzako njerwazo. Kenaka adayamba kuwerenga pa zala, natchula amisiri asanu ndi midzi yawo. Ndidawalemba kuseri kwa kope langa la mbiri, pa tsamba lotsatana ndi la Saint-Denis.